Zimene Ndinaphunzira pa Mudzi Wina wa ku India

Pamene akonzi a magazini yathu anapempha kuti ali yense alembeko kanthu, ine ndinayamba ndazengereza, pakuti sindidziwa kupeka nthano kapena ndakatulo monga acitira ena. Koma pali cinthu cimodzi cimene cakhala ciri kundibvuta mumtima kuyambira temu yatha, ndipo ndaganiza kuti ndikuuzeni. Nkhani yace ndi ya mudzi wina wa ku India, dziko la Amwenye, kumene ine sindinapondeko phazi. Ngakhale ziri conco, mudzi umenewu wanditsegula maso kuti ndione zimene ndinali kuzithawa ndiri kwathu.

Tsiku lina masana, dzuwa liri kuswa mtengo, aphunzitsi athu a Jogirafe analowa m'kalasi ali ndi mapepala m'manja. Masiku amenewo tinali kuphunzira za ciwerengero ca anthu, ndipo iwo anati afuna kuti tione m'mene maiko ena amacitira kalembera wao. Anatigawira pepala limodzi pa anthu awiri. Pepalalo linacokera m'buku la kalembera wa ku India wa caka ca 2011, ndipo linali la boma lina dzina lace Gaya, m'cigawo ca Bihar. Munalibe cithunzi ngakhale cimodzi, koma mizere yokhayokha: dzina la mudzi, nyumba zingati, anthu angati. Kutsogolo kwace kunali mafunso ena akuti, kodi pamudzipo pali sukulu, pali cipatala, pamafika basi, pali siteshoni ya sitima, nanga msewu wace ndi wotani? Kunena zoona, ambiri a ife tinayamba kuyasamula, ndipo inenso ndinali mmodzi wa iwo.

Aphunzitsi analemba ziwerengero pabolodi. Caka cimeneco India anali ndi anthu mamiliyoni 1,210. Mwa iwowa, mamiliyoni 833 anali kukhala m'midzi, ndipo midziyo inalipo pafupifupi 640,000. Cigawo ca Bihar cokha cinali ndi anthu mamiliyoni 104. Cimene cinatidabwitsa ndi cakuti kukula kwa Bihar ndi kofanana ndi dziko lathu la Malawi tikacotsako nyanja, pamene ife pa kalembera wa 2018 tinalipo mamiliyoni 17 ndi theka cabe. Kumeneko, pa malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi panali anthu 1,106, ndipo mwa anthu 100 ali onse, pafupifupi 89 anali a kumudzi.

Nditamva zimenezi ndinati mumtima mwanga, kumene anthu ali oculuka cotere ndiye kuti misewu iri pali ponse, pakuti ndinali kuganiza kuti kusowa msewu ndi bvuto la ife okha amene tikhala motalikirana. Koma pepala lija linanditsutsa. Amwenye ali ndi mau awiri onenera misewu: wina amati pucca, ndiko kuti wakupsa, wina amati kuchha, ndiko kuti wauwisi. Msewu wakupsa ndi wa phula kapena wa simenti, ndipo wauwisi ndi wa dothi monga yathu ya kumudzi. Mvula yao imagwa kuyambira June kufikira September, ndipo nthawi imeneyo msewu wauwisi umasanduka phala, kotero kuti mudzi wa anthu mazanamazana ungathe kukhala wotsekeredwa ngati mbuzi m'khola.

Tsono panali cinthu cina papepalapo cimene cinandikopa maso. Pamene mudzi ulibe cipatala kapena basi, olemba sanasiye malowo opanda kanthu, koma anaikapo cilembo cosonyeza kutalika kwa ulendo wokapeza cinthuco. Cilembo ca a cinali kutanthauza mtunda wosakwana makilomita 5, b kuyambira 5 kufikira 10, ndipo c wopitirira 10. Ndinakweza mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga c ameneyu malire ace ndi pati?" Iwo anandiyang'ana kanthawi, nati, "Alibe malire. Wa makilomita 11 ndi wa makilomita 50 onse alembedwa c." Atatero anaika coko pathebulo, natiuza kuti m'boma lomwelo la Gaya muli mudzi umene munthu wina anakana kukhala pansi pa cilembo cimeneci. Apa ndiye tulo tinathawa.

Mudziwo ndi Gehlaur. Uli m'tsinde mwa phiri lalitali la miyala yolimba limene lagona ngati khoma pakati pa dera la Atri ndi dera la Wazirganj. Msika ndi dokotala zinali ku Wazirganj, kuseri kwa phirilo. Munthu wofuna kukafika kumeneko anayenera kusankha: kapena akwere kanjira koopsa kodzera m'matanthwe, kapena azungulire phiri lonse, ulendo umene olemba za nkhaniyi amati unali wa makilomita 55. M'mudzimo munali munthu wina dzina lace Dashrath Manjhi, wosauka, wopanda munda, wolima m'minda ya ena. Anali wa mtundu wa Musahar, umene ndi umodzi wa mitundu yonyozeka koposa m'cikhalidwe cakale ca kumeneko, ndipo dzina la mtunduwo litanthauza akudya mbewa. Titamva ici tinaseka, pakuti kwa ife mbewa ndi ndiwo zabwino zimene tigula pamsewu osabisa nkhope. Koma aphunzitsi anatiuza kuti kumeneko dzinali ndi citonzo, ndipo munthu wobadwa nalo sanali kuwerengedwa kanthu.

Monga asimbira anthu a kumeneko, m'caka ca 1959 mkazi wace, Falguni Devi, anagwa paphiripo ali kupititsa cakudya kwa mwamuna wace, nabvulala kwambiri. Dokotala anali kutali, ndipo mkaziyo anamwalira. Caka cotsatira, 1960, Manjhi anagulitsa mbuzi zace nagula nyundo ndi chizulo, ndico citsulo cosongoka coswera miyala, nakwera phiri lija, nayamba kuligumula. Pakuti anayenera kudya, anali kugwira ganyu m'minda, ndipo nthawi yotsala anali kuithera pathanthwe. Anzace anamuseka nati wapenga misala. Iye sanaleke. Anaswa miyala zaka 22, natsiriza m'caka ca 1982. Mpata umene anaboola unali wa mamita 110 m'litali, ndiko kutalika kwa bwalo lathu la mpira, mamita 9 m'lifupi, ndi kuya kopitirira mamita 7. Ulendo uja wa makilomita 55 unatsika kufika pa 15. Ine ndinawerengetsa pambali pa kope langa, ndipo ndinapeza kuti pa caka cathunthu anali kupita patsogolo mamita 5 okha, osakwana ndi kutalika kwa kalasi lathu.

Manjhi anamwalira pa 17 August 2007 m'cipatala ca mumzinda wa Delhi, atadwala khansa ya m'ndulu. Boma la Bihar linamuika m'manda mwaulemu wa Boma. M'caka ca 2015 anapanga kanema wa moyo wace, ndipo mu 2016 nkhope yace inaoneka pa sitampa ya positi. Koma cinthu cimene aphunzitsi anacinena potsiriza, ndi mau otsika, ndi ici: msewu weniweni wa phula wodzera pampata pace unamangidwa iye atafa kale.

Belu litalira anzanga anaturuka ali kutsutsana. Ena anati munthuyo ndi ngwazi, ena anati bwenzi atangosamuka ndi kukakhala kuseri kwa phirilo, monga ngati wosauka angathe kunyamula mudzi pamutu. Ine sindinanene kanthu, ndipo mnzanga wokhala naye desiki limodzi anafunsa ngati ndiri kudwala. Ndinamuyankha kuti ndi mutu cabe. Linali bodza, ndipo coona cace ndico ndifuna kulemba pano, pakuti sindinaciuzepo munthu pasukulu pano.

Kwathu ndi kutsidya kwa mtsinje umene ulibe mlatho. Cirimwe timaoloka madzi ali m'akakolo, koma dzinja mtsinjewo umasanduka cirombo. Ndiri ndi zaka 11, m'mwezi wa February, inakwana nthawi yakuti mai aang'ono, mng'ono wao wa mai anga, acire, pakuti anali oyembekezera. Azamba anayesetsa, koma pakati pa usiku anaturuka nauza atate kuti zabvuta, ndipo afunika kucipatala. Amuna anadula mitengo iwiri namangapo bulangete, napanga macila. Mwana sayenera kuona zotere, koma popeza amuna onse anali pamacila, ine anandipatsa nyali kuti nditsogole. Tinayenda m'matope mvula iri kuwaza. Pofika pamtsinje tinapeza wadzaza, uli kukokolola mitengo ndi mapesi. Atate analowa ndi ndodo kuyesa, madzi anawafika pacifuwa asanafike ndi pakati pomwe, ndipo anabwerera. Tinakhala pagombe kudikira kuti madzi aphwe. Patali kutsidya tinali kuona kuwala kwa galimoto zodutsa pamsewu waukulu. Mafuta a m'nyali anatha. M'bandakuca ndinamva mai anga ayamba kulira, ndipo ndinadziwa. Tinabwerera kumudzi ndi macila omwewo.

Kucokera kwathu kufika kucipatala ndi makilomita 14. Tikadakhala m'buku lija la Amwenye, mudzi wathu akadaulemba c. Ndico cifukwa cace tsiku limenelo ndinalephera kudya nsima ya madzulo: ndinaona kuti kacilembo kamene ndinali kukayasamulira kanali ndi mai aang'ono m'kati mwace, ndi Falguni Devi, ndi ena osawerengeka amene palibe anapangira kanema.

Sabata yotsatira aphunzitsi anapitiriza phunziro, natiuza cimene Boma la India linacita pambuyo pace. Pa 25 December 2000, Nduna Yaikulu Atal Bihari Vajpayee anakhazikitsa dongosolo la Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana, ndiko kunena dongosolo la Nduna Yaikulu la misewu ya m'midzi. Colinga cace cinali cakuti midzi yopanda msewu ilandire msewu woyendeka nyengo zonse, cirimwe ndi dzinja lomwe. Popeza ndalama sizikanakwanira onse nthawi imodzi, anaika lamulo lotsata ciwerengero ca anthu. Anayamba ndi midzi ya anthu 1,000 kapena kuposa, kenaka ya anthu 500. Ndipo kumapiri, kucipululu ndi kumadera a mitundu yokhala m'nkhalango malire anali anthu 250. Analolanso kuti timidzi toyandikana kwambiri tiwerengedwe pamodzi. Ndi dongosolo limeneli amanga ndi kukonza misewu yopitirira makilomita 700,000.

Apa ndipo ndinamvetsa cifukwa cace mizere iwiri ija, wa anthu ndi wa msewu, iri papepala limodzi. Ciwerengero ca anthu ndico cinali kiyi wotsegulira msewu. Lamulo limeneli liri ndi ubwino wace, pakuti mudzi wa anthu onyozeka ukakwanitsa ciwerengero uli ndi ponenera, ngakhale ulibe mwana wace m'maofesi. Munthu ngati Manjhi, amene kale sanali kuwerengedwa kanthu, m'kalembera ali mmodzi, cimodzimodzi ndi mwini munda amene anali kumlimira. Komabe funso linandibwera: nanga mudzi wa anthu 480, uli wokha pacigwa? Mai wa kumeneko akabvutika usiku, ululu wace sucepa cifukwa cakuti mudzi wace waperewera ndi anthu 20. Ndinafunsa aphunzitsi, ndipo anati, "Wafunsa bwino. Pogawa kanthu kocepa payenera kukhala muyeso, koma wogawayo asaiwale kuti kunsi kwa muyeso kwatsala anthu."

Anatiuzanso kuti malire amenewa anathandiza ophunzira kuona cimene msewu umacita pamudzi. M'caka ca 2020 akatswiri awiri a za cuma, Sam Asher ndi Paul Novosad, anasindikiza zimene anapeza poyerekeza midzi imene inapitirira malire pang'ono ndi imene inaperewera pang'ono. Anapeza kuti msewu ukafika, zoyendera zimaculuka, ndipo anthu ambiri amasiya kulima nayamba kugwira nchito zolipidwa. Koma pa zaka zoyambazo cuma ca pamudzi sicinasinthe kwambiri monga ambiri anali kuyembekezera. Ici cinandiphunzitsa kuti msewu si mankhwala a umphawi wonse. Msewu ndi khomo cabe. Koma munthu amene anakhalapo pagombe usiku ali ndi wodwala adziwa mtengo wace wa khomo.

Tsono kodi timuyese ciani Manjhi? Ine ndimlemekeza ndi mtima wonse, pakuti atakumana ndi tsoka sanakhale pansi kutemberera phiri, ndiponso njira imene anaboola sinali yoti ibweze mkazi wace, koma yoti ipulumutse akazi a anzace, omwe aja anali kumuseka. Koma sindifuna kuti tingoomba m'manja ndi kupita. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Munthu uyu anasenza denga yekha, ndipo linamdyera zaka 22 za moyo wace, nchito imene makina ndi anthu ogwirizana akadaitsiriza m'nthawi yocepa. Ulemu wace uli pomwepo, ndipo manyazi a ena ali pomwepo: a anansi amene anaonerera, ndi a akuluakulu amene anadikira kuti afe kuti adzathire phula. Nkhani yace tikaisimba monga yosangalatsa cabe, ndiye kuti tiri kuuza amphawi onse kuti agule nyundo zao, ife tiri kupenya.

Ndanena za manyazi a ena, tsono ndinene za anga. Kwathu, mvula ikatha, amfumu amaitana anthu kuti akakwirire zigwembe za mumsewu ndi kututa miyala ndi mcenga pamalo pamene tiyembekezera kuti padzakhala mlatho. Cilowereni sekondale ine ndakhala ndiri kuzemba nchito imeneyi. Ndinali kunena kuti ndiri ndi mayeso, ndi kukhala m'nyumba buku liri pamaondo, koma mumtima ndinali kuganiza kuti mwana wa sekondale sayenera kuoneka ndi dengu la mcenga pamutu pamaso pa atsikana a pamudzi. Pa chuthi capitaco atate anaima pakhomo, khasu liri paphewa, nandiyang'ana, nati, "Mwana wanga, kodi kusukuluko akuphunzitsa kuti ukadzadwala udzauluka?" Sindinayankhe, ndipo iwo anapita. Amene anali kunena mauwa ndi omwe aja analowa m'madzi kufikira pacifuwa, ndipo amene anali kuzemba ndi yemwe uja anagwira nyali. Ndinafunika kumva za Mmwenye wakutali kuti ndizindikire ici, ndipo nditacizindikira ndinacita manyazi kwambiri. Ndinali mmodzi wa oonerera a ku Gehlaur.

Cotero ndatsimikiza mtima pa zinthu ziwiri. Coyamba, pa chuthi cirinkudzaci ndidzakhala woyamba kufika pamtsinje ndi dengu langa, ndipo amene afuna kuseka aseke. Caciwiri, ndidzalimbikira masamu, amene kale ndinali kuwaopa, pakuti ndifuna kudzaphunzira za kamangidwe ka misewu ndi milatho. Sindidziwa ngati ndidzakhoza, koma ndidziwa cifukwa cace ndifuna.

Ndipo kwa inu anzanga ndiri ndi pempho limodzi. Pakati pathu pano pali amene adzakhale alembi a kalembera, ena m'maofesi a Boma, ena madokotala, kapena aphungu a Nyumba ya Malamulo. Tsiku lina padzafika pathebulo panu pepala la mizere yokhayokha, la maina a midzi imene simunaione, ndipo mudzafuna kuyasamula monga ndinacitira ine. Pamenepo mukumbukire kufunsa kuti mtunda wolembedwawo ndi wautali bwanji kwenikweni, pakati pace pali phiri kapena mtsinje, ndiponso dzinja amayenda bwanji ali ndi wodwala. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. 

Mnyamata wa Fomu 3